Mwezi Umene Kampani Inataya Okalamba Athu

Ntchito yanga inali yogulitsa inshuwalansi ya chipatala. Pa chilumba chonse cha Likoma, woimira kampani ija ndinali ine ndekha. Abwana anga anali ku Mzuzu, ndipo zambiri tinkangokambirana pafoni. Anthu anga ambiri anali okalamba: madoda amene anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni ndi m'mafakitale a ku Bulawayo, pamodzi ndi akazi awo. Olipira anali ana awo okhala kunja, amene ankafuna kuti kholo likadwala lizikaonedwa kuchipatala cholipira kumtunda, popanda kuyamba lagulitsa ukonde. Ine ndinkapeza komishoni. Komishoni yomweyo ndi imene inafolera nyumba yanga ndi malata, n'kupititsa mwana wanga wamkazi ku sekondale.

Tsiku limene abwana anaimba ndinali pa Khuyu, ndikuthandiza mayi wina kulembetsa amuna awo.

"Mayi, muli poti mungathe kukhala pansi?" anandifunsa.

Ndinapatuka n'kukhala pamwala.

"Ndondomeko ya okalamba ikutha. Mwezi uno ukangotha, makhadi awo sagwiranso ntchito. Akuluakulu akuti ikuluzitsa kampani."

"Onse, bwana?"

"Onse."

"Nanga ndikawauza kuti chiyani?"

"Mukawauze kuti kampani ikupepesa. Musandifunse zambiri, nanenso ndangouzidwa."

Wogulitsa inshuwalansi wa m'tauni akamva zotere akhoza kuzimitsa foni n'kusamukira dera lina. Pa Likoma ungathawire kuti? Aliyense ankadziwa khomo langa, manda a mayi anga, ngakhale benchi imene ndinkakhala m'tchalitchi. Okalamba aja sanaionepo kampani ndi maso awo. Kampani imene ankaidziwa ndinali ine, ndi chikwama changa chakuda ndi nsapato zafumbi.

Ndinayambira ku Yofu. Khomo loyamba linali la mayi wina wamasiye wodwala bipi, amene mankhwala awo ankabwera kuchokera kumtunda mwezi ndi mwezi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatenga khadi lawo, nalipukuta ndi chitenje, n'kulibwezera m'kajumbo mmene ankalisunga. Sanandikalipire. Amene anayankhula ndi mkamwini wawo, msodzi, amene ankasoka ukonde pabwalo.

"Ndiye zonse zimene alamu anga akhala akutumiza zija zili kuti?"

Ndinayesa kufotokoza kuti inshuwalansi si banki, kuti zimene walipira sizibwerera. Mawu anga ankamveka opepuka ngakhale m'makutu mwanga momwe.

"Nenani zoona," iye anatero osasiya kusoka. "Mwadya."

Pofika ku Chipyela ndinapeza mawu aja anditsogolera kale. Pamsika wa Mbamba amayi ankasiya nkhani ndikayandikira. Amene ankandipatsa moni dzulodzuloli ankayang'ana kunyanja. Masana ena ndikuchapa kuseri kwa nyumba, mwala unagwa padenga, kenako wina. Ndinathamangira m'nyumba n'kukhoma chitseko, thovu lili m'manja. Ndinakhala pansi kuseri kwa chitsekocho, kumvetsera mapazi. Palibe anabwera. Kuyambira pamenepo ndinkayenda njira zakuseri, zodutsa m'minda ya chinangwa, ndipo nthambi ikathyoka kumbuyo kwanga ndinkatembenuka msanga.

Ku Mbungo ndinapita pomaliza, chifukwa kumeneko kunali bambo amene ndinkawaopa kuposa onse. Anali mnzawo wa malemu bambo anga; anagwira limodzi ntchito ku Joni, ndipo ndi iwo anandipereka paukwati wanga. Mkodzo unkawatseka. Ankayenda ndi kapaipi ndi kathumba kobisika m'thalauzi, ndipo dokotala wa ku Mzuzu anali atawauza kuti adzawachita opaleshoni pakati pa mwezi wotsatira. Mwezi wotsatirawo khadi lawo likanakhala chabe kapulasitiki.

Ndinawapeza pakhonde, akazi awo akusenda chinangwa. Ndinagwada n'kunena zonse mutu uli pansi.

Bambo aja anati, "Basi, ndiye kuti kapaipi aka ndilowa nako m'manda."

Mayi anaponya mpeni m'beseni. "Iwe mwanawe, sunabwere wekha pakhomo pano? Sunatiuze kuti tikalowa zimenezi tizigona tulo? Ng'ombe sitinagule, boti sitinakonze, mwana wathu akuvutika ku Joni kulipira zako zomwezi. Lero ukuti chiyani?"

Ndinangoti, "Mayi, ndipatseni mpata ndiyese."

Ndinakwera pachitunda pamene foni imagwira bwino n'kuyamba kuimba. Abwana anati opaleshoni ikachitika mwezi usanathe, kampani ilipira. Kuchipatala anandizunguliza kwa uyu ndi uyo, ine ndikungopempha, mpaka mlembi wina wachifundo anakalankhula ndi dokotala. Dokotala anavomera, bola wodwalayo afike sabata yomweyo.

Koma sitima inali kokonzedwa. Chimene chinalipo ndi boti lamatabwa lonyamula matumba a usipa kupita ku Nkhata Bay, ndipo inali nyengo ya mphepo ya mwera. Mwana wawo wa ku Joni atamva anandiimbira.

"Achemwali, mukufuna kuwakweza bambo boti mu mwera uno?"

"Njira ina palibe, achimwene."

"Chabwino. Koma chikawachitikira chilichonse panyanjapo, mlandu ndi wanu."

Akazi awo a bambo aja sakanatha ulendowo chifukwa cha mawondo, choncho woperekeza ndinali ine. Tinanyamuka m'mawa nyanja ikuoneka ngati yagona. Ndinawakhazika bambo pakati pa matumba, n'kuwafunditsa bulangete ndi pepala lapulasitiki pamwamba. Titangopitirira Chizumulu, mphepo inadzuka. Boti linkakwera funde mpaka mtunda kusowa, kenako n'kugwa ndi chiphokoso chomveka m'mano. Madzi ankalowa mbali zonse. Amuna awiri ankakapa ndi zigubu zodula, ndipo mayi wina wa ku Mozambique amene anakhala moyang'anizana nane ankapemphera mokweza, maso ali chitsinzinire.

Bambo anayamba kusanza. Nkhope yawo inatuwa. Anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundinong'oneza, "Mwanawe, kathumba kadzaza."

Munthu amene anandipereka paukwati. Ndinakweza mwendo wa thalauzi lawo, iwo akuyang'ana kumbali, n'kukhuthulira kathumbako m'chigubu. Mkodzowo unali wofiira. Sindinawauze. Ndinautaya m'nyanja msangamsanga, ndikudzifunsa ngati ndi kugwedezeka kwa boti kumene kwawavulaza mkati, ngati ndi ine ndawapha powachotsa pakhonde pawo.

Kenako injini inatsokomola n'kuzima.

Sindidzaiwala bata limenelo. Boti linatembenuka n'kupereka nthiti yake ku mafunde. Funde loyamba linatinyowetsa tonse, lachiwiri linakokolola thumba la usipa. Mwini boti anagwada pa injini, nachotsa kapaipi ka mafuta, nakayamwa, nalavula, nakoka chingwe. Zii. Anakokanso. Ine ndinawakumbatira bambo, ndipo chimene ndinkaganiza sichinali imfa yanga. Ndinkaona maliro awo ku Mbungo, anthu onse atatembenuka kundiyang'ana, ndi mwana wanga akubwera kutchuthi osapeza nyumba. Injini italira ndinazindikira kuti ndakhala ndikuluma mlomo mpaka magazi.

Tinafika ku Nkhata Bay masana dzuwa litapendeka. Anthu anawanyamula bambo kuwatsitsa, ine n'kupeza galimoto yopita ku Mzuzu. Kuchipatala mtsikana wa pakauntala analowetsa nambala ya khadi m'kompyuta, ndipo kompyutayo inangozungulira. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Bwanji ngati kampani yadula kale? Mtsikanayo anadzutsa mutu n'kunena, "Lili bwino, alowe." Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti.

Anawachita opaleshoni mawa lake, ndipo inayenda bwino. Dokotala anati magazi aja sanali oopsa.

Ndili ku Mzuzu komweko ndinapita ku ofesi. Ndinapeza anzanga ena ogulitsa inshuwalansi a m'maboma ena atakhala pabenchi, onse nkhope zofanana. Bambo wina anandiuza kuti wasamutsa banja lake pamudzi, akugona kwa mlamu wake. Wina anati makasitomala ake achinyamata nawonso ayamba kutuluka, akuti nafenso mudzatitaya tikakalamba. Abwana anatiitana n'kutiuza kuti tisataye mtima, kampani yatikonzera china choti tizigulitsa kwa okalamba omwe aja: inshuwalansi ya maliro.

Palibe anaseka. Ine ndinatenga mapepala ake, chifukwa mwana ankafunika kubwerera kusukulu. Nditabwerera pachilumba ndinayesa makomo angapo. Pakhomo lina agogo aamuna anandiyang'ana n'kufunsa, "Ndiye mwakana kutichiza, koma bokosi mutigulira?" Sindinapitenso khomo lina. Ndinawaimbira abwana kuti ndasiya. Masiku ano ndimagulitsa tomato ndi anyezi pa Mbamba, pakati pa amayi omwe aja. Ena anayambanso kundilankhula, ena ayi.

Bambo a ku Mbungo ali moyo, amalima chinangwa chawo, ndipo akazi awo ananditumizira nkhuku. Koma iwo anali mmodzi. Ena onse sindinawachitire kanthu.

Mvula itayamba, mayi wamasiye wa ku Yofu uja anagwa m'munda, ndipo sanadzukenso. Sindikudziwa ngati anali akumwabe mankhwala awo, sindinayerekeze kufunsa. Ndinalimbana nazo ngati ndipite kumaliro kapena ayi. Kusapita kukanaoneka ngati kuvomera mlandu, kupita kunali kudzipereka m'manja mwawo. Ndinavala chitenje n'kunyamuka.

Mkamwini uja anali pakhomo ndi amuna anzake. Anandiona, sanandipatse moni, koma sanandithamangitse. Ndinaima kumapeto kwa amayi, osadziwa ngati ndikhale kapena ndibwerere. Mayi wina amene sindinkamudziwa bwino anasuntha pang'ono pamphasa. Ndinakhala pamenepo mpaka mwambo wonse unatha.