Mano Akutsogolo a Amalume a Lipenga

Amalume anga, alongo awo a mayi, ankatsuka mabasi. Mkati mwa sabata mukanawapeza kudepoti atavala jombo, akupala matope m'mateyala ndi burashi yaikulu, thovu lili mbwee mpaka m'zigongono. Koma likafika Loweruka ankasanduka munthu wina: jekete yofiira ya bandi, nsapato zonyezimira, lipenga m'khwapa. N'chifukwa chake mumsewu mwathu monse ankangowatchula kuti a Lipenga.

Anali munthu waukhondo wochita kunyanya, ndipo kwa iwo ukhondo unali mphamvu. Chinthu chimene sunachikhule mpaka mkono kuwawa ankati sichinayere. Mano awonso ankawachita chimodzimodzi. Ankasankha mswachi wolimba kuposa yonse m'golosale, ndipo m'mawa akalowa kubafa nyumba yonse inkamva kuti khwee! khwee! Mswachi watsopano sunkachedwa kuyala ngati tsache lakutha. Akalavula magazi m'sinki ankachita kukondwa, ati zoipa zikutuluka.

"Lipenga limatsamira pa awiri akutsogolowa, mphwanga," ankandiuza choncho akuwagogoda ndi chikhadabo. "Milomo imangoimba, koma maziko ake ndi amenewa. Akadzachoka awa, ine ndatha."

Loweruka lina atabwera kokaimba ku ukwati, anakhala pampando osavula jekete. Akazi awo, azakhali anga, atafunsa chimene chavuta, iwo anangoyasamula n'kukankha dzino lakutsogolo ndi lilime. Linagwedera.

Ndine ndinawaperekeza kwa dokotala wa mano, mayi wina wosabisa mawu.

"Bambo, mano anu alibe bowo ngakhale limodzi," anatero dokotalayo, "koma nkhama mwazimaliza. Magazi aja anali matenda, inu m'malo mobwera kuno n'kumazikhula. Onani mizu ili pamtunda. Kodi mumatsukira sandipepa?"

Anawalangiza mswachi wamagetsi. Umenewu, anati, umazungulira wokha, munthu ntchito yake n'kungouyendetsa dzino ndi dzino, ndipo ukaukanikiza kwambiri umayatsa kagetsi kofiira. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anawagulira sabata yomweyo.

Amalume anauyatsa, anaumvetsera, n'kuuika patebulo.

"Kanthu kolira ngati udzudzu aka kangatsuke chiyani? Wamanja uja munthu umamva kuti ndagwira ntchito. Aka n'ka alesi aka."

"Ulesi womwewo ndi umene ukupulumutseni," anayankha azakhali. "Khama lanu lija si ili lakufikitsani apa?"

Ine makani a amalume ankandipsetsa mtima, koma ulendo uno sanakane. Mantha anali atawagwira. Vuto linali dzanja. Ankadziwa bwinobwino kuti kagetsi kofiira kakutanthauza kuti achepetse, koma dzanja lozolowera mateyala silinkamva zimenezo. Ankati akangouika m'kamwa, mkono uja wayamba kale kukhula, kagetsi kali phethiphethi. Paja kuwongola mtengo n'poyamba. M'mawa wina ndinawaona chitseko cha bafa chili chotsegula, atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere kuti usayende, thukuta lili pamphumi. Ndinafuna kuseka, koma chisoni ndi chimene chinandigwira, ndipo ndinabwerera mwakachetechete.

Nzeru anaipeza okha. Anasiya kuufumbata mswachiwo, n'kuyamba kuugwira ndi nsonga za zala, momwe ankagwirira tizitsulo ta lipenga. Zala zomwezo zikakhala palipenga zinali zofatsa modabwitsa. Kagetsi kanaleka kuyaka. Patapita nthawi magazi analekanso, nkhama zinasiya kutupa.

"Kaudzudzu kaja kali ndi nzeru, mphwanga," anandiuza. "Wakale uja ankachita chilichonse chimene ndamuuza. Aka kamandikaniza. Ndikanakhala nako kale!"

Koma fupa logwira mizu linali litadyeka kale, ndipo silimeranso. Dzino lachiwiri nalo linayamba kugwedera. Dokotala anadikira mmene akanathera, kenako anawazula onse awiri. Pobwerera m'basi amalume anali ndi thonje m'kamwa, maso ali pawindo.

Anawapangira mano oikirira, oyera bwino, moti anthu ankati a Lipenga abwerera kuunyamata. Podya ankagwira ntchito, poseka ankagwira ntchito. Koma akangotsamiritsapo lipenga n'kuuzira, ankasuntha, mawu n'kutuluka osweka, theka mpweya. Ankayeserera kuchipinda atatseka chitseko. Ife pabalaza tinkakweza wailesi kuti asadziwe kuti tikumva. Madzulo ena kuchipindako kunangoti zii, ndipo sanayeserenso.

Ndinkayesa kuti za bandi zatha. Koma Loweruka lotsatira anasita jekete yofiira, anapukuta nsapato, ananyamula lipenga. Ine ndi azakhali tinawatsatira kuholo kumene kunali ukwati. Mkulu wa bandi, mnzawo wa kalekale, atawaona anangouza ena kuti asunthe, n'kuwapatsa malo awo a masiku onse.

Nyimbo inayamba. Amalume anakweza lipenga pamodzi ndi anzawo, zala zikuyenda osaphonya, phazi likugunda pansi. Anthu anavina, ena mpaka kukuwa kuti, "A Lipenga abwera!" Ine ndinayang'ana pakhosi pawo, pamene mitsempha inkatupa akamaimba. Panali phee. Sankauzira.

Azakhali anandigwira dzanja mwamphamvu, maso awo ali kutsogolo, misozi ikutsika.

"Omba m'manja, mwanawe," anandinong'oneza. "Akuyang'ana kuno."