Ketulo ya Madzi Otentha pa Masitepe

Yordanos anangoima pakhomo, ketulo ikadali m'manja, akuonerera anthu a ambulansi akunyamula bambo Torleif, nkhalamba ya m'chipinda cha pansi. Chiuno chinali chitathyoka. Anali ataterereka pa masitepe a panja, omwewo amene Yordanos anali atangowayeretsa kumene.

M'nyumba yosanjikizana imeneyo, ku Tromsø, mzinda wozizira wa kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, banja lililonse linali ndi sabata yake yochotsa chipale chofewa pa masitepe ndi pakanjira. Yordanos anali wochokera ku Eritrea, ndipo asanabwere kuno, chibadwire anali asanapondepo chipale. Sabata yake itakwana, anachita zimene mkazi aliyense waukhondo akanachita kwawo: anawiritsa madzi n'kukhuthulira pa masitepe mpaka simenti inaonekera. Posakhalitsa madziwo anaundana, masitepe n'kusanduka galasi.

Nkhaniyi imandiwawa mpaka lero. Anthu atatu anamuona pawindo akutuluka ndi ketulo yofuka nthunzi, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsegula windo kuti amuletse. Anthu akuno ndi abwino, sindikukana, koma kulankhula ndi mnansi amakuopa ngati moto. Chimene amatha n'kulemba timapepala. Pofika masana, pachitseko cha Yordanos panali patamatidwa titatu, tonse topanda dzina.

Mayi Gunvor, eni nyumbayo, anabwera okha.

"Pangano lathu la lendi likutha mu Epulo, ndipo sindiwonjezera," anatero, osavula n'komwe magolovesi. "Ngakhale mwana wa zaka zisanu amadziwa kuti pa chipale sathirapo madzi."

"Mwana wakuno, mayi. Wanga sakudziwa."

Mwana wakeyo, Lidya, anatsala kwawo ndi mchemwali wa Yordanos, ndipo mapepala omuitanira ankafuna kuti mayi ake akhale ndi nyumba yokhazikika. Kutaya chipindacho kunali kutayanso Lidya. Tsiku limenelo Yordanos analira mpaka maso kutupa.

Bambo Torleif atatuluka m'chipatala, Yordanos anaphika buledi wakwawo n'kukagogoda pakhomo pawo.

"Ndiwe wa ketulo uja?" nkhalambayo inafunsa. "Lowa, usaope. M'nyumba muno mouma."

"Pepani kwambiri, bambo."

"Pepani sachotsa chipale. Sabata yamawa ndi yanga, ndipo ndi chiuno chachitsulochi fosholo sindingaigwire. Uigwira ndiwe. Ine ndikhala pawindo."

Sukulu inayambira pamenepo, mphunzitsi wake wa pakamwa polusa.

"Osanyamula, kankha. Ukufuna tikagonere limodzi kuchipatala?"

"Chotsa chipale anthu asanapondepo. Chikapondedwa chimalimba ngati mwala."

"Mchenga uli m'bokosi la pageti uja ukuganiza kuti ndi wa amphaka? Waza."

Anamupatsanso timisomali tomangirira kunsi kwa nsapato, timene akuno amangoganiza kuti aliyense anabadwa nato.

Miyezi imeneyo kuno dzuwa silituluka n'komwe. Yordanos ankakankha chipale m'mawa uliwonse asanapite kukhitchini kumene ankagwira ntchito, pobwerera n'kupeza chadzazanso ngati sanagwirepo. Zala zinang'ambika. Anagwa kambirimbiri, mpaka anasiya kuyang'ana ngati wina wamuona. Ndipo anansi aja, ataona kuti pakanjira pakumayera tsiku lililonse, anayamba kuiwala masabata awo. Ankadutsa mwaufulu pa thukuta la munthu yemwe ankamunyoza, koma kapepala kothokoza sikanaoneke pachitseko.

Tsiku lina la mu Marichi kunafunda, madenga n'kuyamba kudontha, kamvula n'kuwaza. Yordanos anasangalala kuti mavuto atha.

"Usaseke," anatero bambo Torleif. "Kuzizira kwenikweni sikuvulaza munthu. Loopsa ndi tsiku ngati lalero. Madzi onsewa mawa akhala chiyani? Iweyo ukudziwa bwino kuposa tonsefe."

Yordanos anatenga fosholo, anakumba timifuleni kuti madzi atsikire kumbali, n'kuwaza mchenga. M'mawa mwake anawazanso.

Kunacha msewu wonse uli ngati wapakidwa mafuta. Ndi tsiku lomwelo limene mayi Gunvor anasankha kubweretsa kalata yotulutsira Yordanos m'nyumba. Anafika akugwirira mipanda ya eni, chipewa chitapendekeka, bondo limodzi litanyowa. Atangoponda pakanjira ka Yordanos, mapazi anagwira, n'kuima chilili ngati munthu.

Windo la pansi linatseguka.

"Gunvor, waima bwino pamenepo?" anafunsa bambo Torleif. "Mumsewu wonse uno waonapo pena poti munthu n'kuima?"

"Zimenezo sizibweza chiuno chako, Torleif."

"Chiunocho n'changa, ndiye undisiye ndichilankhulire ndekha. Tsiku lija mwanayu ndinamuona ndi ketulo yake. Ndinadziwa chimene chichitike, koma ndinati si zanga, n'kupitiriza kumwa khofi. Kenako ndinaiwala, n'kutuluka ndi masilipasi kukatenga nyuzipepala. Iye chipale anali atachiona kwa masabata awiri. Ine ndachiona zaka makumi asanu ndi awiri. Ngati ukuthamangitsa chitsiru, gogoda kuno."

Yordanos ankamva zimenezi koyamba. Anayang'ana nkhalambayo mokwiya, koma nkhalambayo sinathawitse maso.

Mayi Gunvor anayang'ana mchenga umene unali kunsi kwa nsapato zawo, n'kubweza kalata ija m'chikwama.

"Pangano latsopano ndibweretsa Lolemba," anatero. Mawu akuti pepani sanatuluke, ndipo Yordanos sanawadikire.

Lidya anafika mu Seputembala. Chipale choyamba cha chaka chimenecho chitagwa, mayi ndi mwana anali pawindo akuonerera. Kutsidya kwa msewu kunatulukira bambo wina wa ku Congo amene anali atangosamukira kumene, atanyamula chidebe chofuka nthunzi. M'mawindo ena makatani anagwedezeka, n'kukhalanso chete.

Yordanos anakankha windo lake mpaka linamenya khoma.

"Achimwene, ikani pansi chidebecho! Ndikubwera ndikuonetseni bokosi la mchenga."

Inu amene mwagwa chifukwa cha chinthu chimene palibe anakuphunzitsani, musalole kuti oonerera akutcheni opusa. Kusadziwa kwanu kudzatha m'nyengo imodzi. Manyazi ndi a iwo amene ankadziwa n'kukhala chete. Dzukani, sansani zovala, gwiraninso fosholo, mtima usagwe. Ndipo tsiku limene mudzaone mnzanu akutuluka ndi ketulo, mudzatsegule windo.