Mutu Wotsiriza Mudzawerenge Nokha

Atate anga anali telala pamsika wa ku Matero, ndipo chimene ankakonda kuposa makina awo osokera chinali mabuku a ziwembu. Ndikunena mabuku achingerezi onenepa aja, amene nduna, akazitape ndi eni makampani amakumana mobisa kupangana zoipa, munthu mmodzi n'kutulukira chinsinsi, kenaka onse n'kuyamba kumusaka. Ankawagula m'tauni kwa mdala wina woyala mabuku pansi, ena opanda chikuto, ena onunkha chinyezi. Atate ankati ndi salaula wa m'mutu, kufanizira ndi zovala zakale zogulitsa pamsika zija.

Ng'ala itayamba kuphimba maso awo, choyamba kuwakanika chinali kulowetsa ulusi pasingano. Kenaka zilembo zinasanduka nkhungu. Makina tinawabweretsa kunyumba n'kuwafunditsa chitenje. Ine ndinali nditangomaliza sukulu, ntchito kulibe, choncho ndinakhala maso awo. Masana tinkakhala pakhonde. Chingerezi ankachidziwa, koma changa ankati chimathamanga ngati minibasi yolimbirana makasitomala, motero ndinkawerenga ndime chamumtima n'kuwafotokozera m'Chinyanja.

Mabuku amenewo ndimawalemekeza mpaka lero, wina anene zonena. Munthu amene anali atataya mtima, wokana ngakhale kusamba, anayamba kudzuka molawirira n'kuvala malaya ositidwa chifukwa chofuna kumva ngati mtolankhani wa m'bukumo wathawa m'ndende. Palibe mankhwala kapena ulaliki umene unachita zimenezo. Anatiphunzitsanso kufunsa kuti apa wapindula ndani, funso limene munthu wa m'komboni sayenera kulisiya kunyumba.

Koma ali ndi matenda awo. M'menemo mulibe munthu amene amakuthandiza chifukwa cha umunthu basi. Akakumwetulira ndiye kuti watumidwa. Dokotala akalowa ndi jekeseni, dziwa kuti wodwalayo sadzukanso. Ngozi kulibe, ulesi kulibe, kuiwala kulibe, chilichonse alipo anachikonza. Munthu woona akhoza kutseka buku, n'kuyang'ana panja, n'kuona amayi akuyanika zovala, mtima n'kukhala m'malo. Atate analibe poyang'ana. Ndikatseka buku ankatsala nalo mumdima.

Kuchipatala anatiuza kuti ng'ala imachotsedwa, ndi opaleshoni yaing'ono, ndipo anatipatsa tsiku. Koma komboni siisowa akatswiri. Ena anati madokotala amachotsa diso n'kukagulitsa kunja, ena anati ndi za usatana. Kale atate akanaseka zimenezi. Tsopano zinagwera pa nthaka yomwe ine ndemwe ndinali kuthirira masana aliwonse.

"Ba tate, tsiku ili pafupi," ndinawakumbutsa. "Tizayenda ku chipatala."

"Siniyenda," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, mukati muli nyerere. Uja dokota anali kuseka maningi, mano onse panja. Nikufunse iwe, apindula ndani?"

"Ni imwe! Muzayamba kuona."

"Ni mwamene bamakambila bonse. Manje pofika chaputala teni munthu wafa."

Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinkadziwa kuti tsikulo likadutsa, atate adzakalamba atakhala pampando womwewo, akupapasa khoma popita kuchimbudzi. Ndine mwana wawo, ndipo kuuma mutu ndinatengera komweko.

Mawa lake ndinawerenga bwino kuposa masiku onse. Ndinasintha mawu, ndinanong'ona poyenera kunong'ona. Tinafika pamene mtolankhani uja wagwira chitseko cha chipinda chimene mukukhala mkulu wa chiwembu chonse. Atate anali atasendera kumapeto kwa mpando, kukamwa kuli yasa. Pamenepo ndinatseka buku.

"Yasala chaputala imodzi," ndinatero. "Muzabelenga mweka, na menso yanu."

Anandikalipira mpaka anthu a nyumba yoyandikana anasuzumira. Anati nanenso andigula. Anati mwana wamkazi wotere sanaonekepo kwawo konse kum'mawa. Ndinalowa m'nyumba n'kulira, chifukwa kumana munthu wosaona chinthu chokhacho chomusangalatsa ndi nkhanza, ndipo ndinkadziwa. Koma buku sindinatsegule. Iwonso ulemu wawo sunawalole kukapempha wina kuti awawerengere. Tinakhala choncho masiku angapo, tikulankhulana za mchere ndi madzi osamba basi.

M'mawa wa tsiku la opaleshoni ndinawapeza atavala jekete yomwe anasoka okha, ndodo ili m'manja.

"Tiye," anatero. "Koma bakanipaya, ubwele pa manda uniuze boss anali ndani."

Opaleshoni itatha, adokotala atachotsa bandeji, chinthu choyamba chimene atate anayang'ana chinali nkhope yanga. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati ndaonda, sindikudya kodi? Ndinaseka misozi ikutsika.

Diso litapola, atalandiranso magalasi, sanathamangire mutu wotsiriza. Anayamba bukulo patsamba loyamba, chala chikutsata mzere. Tsiku lina ndikuchapa ndinamva akundiitana ndi mawu a munthu amene waberedwa.

"Iwe, bamalume bake ba uyu munthu bali kuti? Nafika pakati, sinabaone."

Amalumewo m'bukumo munalibe. Atate ankadandaula kawirikawiri kuti mtolankhaniyo alibe m'bale, sapita kumaliro, sadya, sapereka moni, pamene mutu umodzi susenza denga. Ndiye pofotokoza ndinamupatsa amalume oweta mbuzi amene anamubisa m'nkhokwe, ndi mlongo wolongolola amene ankamupatsira chakudya. Ndinawauza zonsezi mosachita manyazi, chifukwa amalumewo ndinawaumba bwino.

Anatembenuza bukulo uku ndi uku.

"So iyi buku ilibe bantu," anatero. "Ili chabe na mfuti na mamotoka. Bantu bonse banali bako."

Palibe mphunzitsi kapena wowerenga aliyense amene anandiuzapo mawu ondinyaditsa kuposa amenewo. Ndinabwerera kochapa ndikuyenda ngati mkwatibwi.

Mutu wotsiriza anauwerenga Loweruka m'mawa. Mkulu wa chiwembu anapezeka kuti ndi mnzake wapamtima wa mtolankhani uja. Atate anafwenthera kumbali, nati zimenezo anazidziwa kalekale, mabuku amenewa onse amathera pamenepo, wolemba akatopa amangoloza munthu amene ali pafupi. Kenaka anaimirira n'kunena kuti akupita m'tauni kukasinthitsa bukulo ndi lina.

Ndinatenga nsapato kuti ndiwaperekeze. Anandibweza ndi dzanja.

Ndinaima pageti ndikuwayang'ana. Mvula inali itagwa, msewu wathu uli zithaphwi zokhazokha, ndipo mtima wanga unali m'mwamba. Anadumpha ngalande, anazemba wilibala ya makala, buku lili kukhwapa. Pakona panali amayi ena ogulitsa tomato amene kwa nthawi yaitali ankayamba ndi iwo kupereka moni kuti atate awazindikire ndi mawu. Tsiku limenelo amayiwo anali atawerama, akusanja tomato, osadziwa kuti kukubwera munthu. Atate anawaitana ali patali, n'kuwafunsa kuti chitenje chobiriwiracho anagula kuti.