Mano a a Kochi m'kabati ya zotayika

Lachiwiri lapitali ndinatola mano. Anayi, akutsogolo, omangidwa pa kawaya, atakulungidwa bwinobwino m'katishu pa benchi.

Amene simundidziwa, ndine mlonda pa chinyumba china cha mashopu muno mu Doha. Pakati pake pali bwalo la ayezi. Inde, ayezi, m'dziko limene phula limagwira nsapato masana. Pamenepo anthu amasewera hoke: amavala nsapato za mipeni kunsi, n'kumalimbirana ndi ndodo kampira kaphwatalala, kolimba ngati mwala.

Lamulo lathu limati chotola chipite ku ofesi, mwini wake abwere ndi umboni. Ndinakapereka manowo kwa supavayiza wathu, a Gondwe, Mmalawi mnzanga wokonda lamulo kuposa tiyi. Anawatsekera m'kabati.

Posakhalitsa kunatulukira a Kochi, mzungu wachikulire wa ku Canada amene amaphunzitsa timu ya pabwalopo, ali mu suti, dzanja lili kukamwa. Anali atavula mano popita pa ayezi, monga amachitira, n'kuwaiwala. Tsono pakutha pa theka la ola ankayenera kukakumana ndi eni bwalo, omwe ankaganiza zowachotsa ntchito n'kulemba munthu wocheperapo msinkhu amene anatchuka ndi kugoletsa.

"Umboni, bwana," anatero a Gondwe.

A Kochi anachotsa dzanja n'kumwetulira. Mpata wake woti n'kudutsa supuni.

"Magweru aliyense angakhale nawo," a Gondwe anandiuza m'Chichewa. "Amalume anga ku Rumphi ali nawo. Ndiye mano awa ndi awo?"

Apa kuwerenga kwanga kunandiyabwa. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma ndimawerenga chilichonse, ngakhale pepala la m'bokosi la mankhwala. M'kabati momwemo munali buku la malamulo a hoke lomwe mwini wake sanabwere kudzatenga, ndipo ndinali nditalimaliza kawiri. Ndinadzisankha ndekha kukhala loya.

"Akulu, awatu anali difenda. Difenda amadziponya kutsogolo kwa kampirako kuti kasafike pagolo."

"Ndi kamwa?"

"Ndi chilichonse chimene chayandikira."

"Iwe unawerenga, sunaone," anatero. Loya ndinakhala pansi.

A Kochi anatulutsa foni n'kutionetsa kanema wakale. Anali iwo ali mnyamata, tsitsi lilipobe, akutsetsereka chafutambuyo, maso ali pa mdani. Mdani uja anamenya kampira, iwo n'kudzigwetsa kutsogolo kwake. Anadzuka, n'kulavulira pa ayezi, masewera n'kupitirira.

"Ndiye munagoletsa?" anafunsa a Gondwe.

"Zaka zonse ndinasewera m'matimu akuluakulu, zigoli zanga mungaziwerenge pa zala," anayankha, mawu akuthawira pampata paja. "Ankandilipira kuti pasachitike kanthu."

Mawu amenewo ndi a mlonda. A Gondwe anatsekula kabati.

"Yala," anatero m'Chiarabu. "Tiyeni, yesani."

Mano analowa kuti kha! A Gondwe anawasainitsabe mafomu awiri.

Kuchokera tsikulo ndakhala ndikulingalira. Bwanji anthufe sititha kuwerenga zinthu zimene sizinachitike? Kumbukirani mpira wa chikulunga kwathu. Aliyense ankafuna kutsogolo. Wonenepa ndi wochedwa ndiwo tinkawakankhira kumbuyo, ndipo ine ndinali zonse ziwiri. Tikapambana ankanyamulidwa wogoletsa. Tikagonja, zala zonse kwa ife.

Takula, koma zasintha? Ndikalemba lipoti loti mwezi wonse palibe chachitika, mabwana amandifunsa ngati ndimagona. Mlongo wathu wogwira ntchito m'nyumba ku Fereej Al Murra, muno mu Doha momwemo, amatha chaka chonse mwana wa madamu osagwa pa masitepe. Amuthokoza ndani? Koma isweke mbale imodzi, mpaka apongozi a madamu amva. Akulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma sananene kuti mutuwo ukatupa anthu amaombera m'manja aja anabisala kumbuyo kwake.

A Kochi anadutsanso pageti langa madzulo, akuimba mluzu, umene popanda mano sakanautha. Anali atapatsidwa chaka china pa ntchito. Ndinawafunsa kuti anawauza chiyani eni bwalo aja.

"Anandionetsa zigoli za mnzangayo pa kompyuta, n'kundifunsa kuti ine ndili ndi chiyani choonetsa."

"Ndiye?"

"Ndinavula mano n'kuwaika patebulo."

Nditawafotokozera a Gondwe, anagwedeza mutu. "Ndiye mavuto onse aja, ankafuna mano oti akawavulenso?"

Ine nkhawa yanga ndi ina. Kontrakiti yanga ikutha miyezi ikubwerayi, ndipo mano anga onse alipo, abwinobwino. Nanga akadzandifunsa chimene ndili nacho choonetsa, patebulo ndidzaikapo chiyani?