Ndekha M'tenti ku Mafinga

Bambo, omwe anali mphunzitsi, atasamutsidwira ku Chitipa kuchokera ku Mulanje, ndinalowa gulu la masikauti pofuna kupeza anzanga. M'nyengo yozizira tinakamanga msasa m'munsi mwa mapiri a Mafinga.

Mtsogoleri wathu anati aliyense asankhe mnzake wogona naye m'tenti. Anyamata anaitanana m'Chilambya awiriawiri, ine n'kutsala ndekha zikhomo zili m'manja. Ndinakhoma tenti yanga mphepo ikundilanda nsalu, ena akuseka nthabwala zimene sindinkazimva.

Mtsogoleri podutsa anaima. "Iwe wa Kummwera, uli makora?"

"Ndili bwino," ndinanama.

Anakoka chingwe changa, nati mfundo zanga zinali zolimba kuposa za onse. Kenako anapitirira, ine ndinalowa kukayala bulangete pakati penipeni pa tenti.