Tinawina, Koma Osewera Tinawaiwala ku Luchenza

Mawu anga sanabwererebe mpaka lero. Ndikati ndiitane mwana, pakhosi pakutuluka kaphokoso ngati ka tambala wophunzira kulira. Mwayi wake cholembera sichidalira kholingo, choncho nkhani ya Lamulungu lapitali muimva ndithu.

Esiteti ya tiyi yomwe ndinayandikana nayo ili ndi timu ya mpira yosewera mu ligi ya boma lathu lino la Thyolo. Musaganize za matimu otchuka a pa wailesi aja. Awa ndi anyamata othyola tiyi, ena a ku fakitale, mmodzi ndi mlonda. Chaka chino zinthu sizinatiyendere. Tinafika pa masewero otsiriza tili kumchira, ndipo nkhani inali yachidule: tikawina titsala mu ligi, tikapanda kuwina tituluka. Abwana a pa esiteti anali atanena kale kuti timu ikatuluka, za mipira ndi mayunifolomu tiiwale, pabwalo pathu adzalapo mabulugamu.

Ndiye tinkakumana ndi ndani? Timu ya ku Luchenza, kwawo komweko. Ambiri mwa osewera ake ndi akabaza, anthu amene ntchafu zawo zinakhwimira pa zitunda za kuno, akupalasa ndi thumba la chimanga kumbuyo. Munthu wotere ungamutopetse ndi mpira?

Esiteti inapereka thirakitala ndi ngolo yake yonyamulira masamba a tiyi kuti ikasiye osewera ndi kukawabweza. Mvetsetsani bwino pamenepo: osewera. Popita munali iwowo, kochi wawo, ndi ife masapota ochepa amene tinapempha malo mwaulemu. Ena onse anapita okha, pansi, modutsa njira zachidule m'minda ya tiyi, ndi ng'oma yobwereka kwa ovina tchopa.

Masewerowo sindiwakongoletsa. Anali oipa. Chigoli chathu chinabwera koyambirira, pa kona, ndipo mpaka pano anthu akutsutsana kuti anamwetsa ndani. Ine ndinaona mpira ukugunda msana wa mlonda uja, iye akuyang'ana kwina. Kuchokera pamenepo sitinawolokenso pakati pa bwalo. Akabaza anatikhalira pakhosi. Mpira unkabwera ngati mvula ya chiperoni, yosasiya, ndipo pakati pa ife ndi mabulugamu aja panali munthu mmodzi yekha: goloboyi wathu, Yohane, mnyamata wowonda wothyola tiyi ku chigawo cha esiteti chimene timachitcha divishoni ya kumtunda.

Kutatsala pang'ono kuti zithe, oyimbira anapereka penate kwa eni bwalo. Amayi ena anafunda chitenje kumaso. Womenya penateyo anali Maliko, kaputeni wa akabaza, chimunthu chachitali. Anauswa ndithu. Yohane anauluka nkuukankha, mpira nkubwereranso, iye nkudziponyanso pamapazi a anthu. Anaugwira, koma bondo lake linakumana ndi nsapato ya munthu. Wezulo yomaliza inamupeza akutsimphina.

Zimene zinachitika kenako ndi zimene zinanditengera mawu. Tinalowa m'bwalo ngati ng'ombe zothyola khola. Wina anapeka nyimbo pomwepo, ya mzere umodzi wokha, yoti Yohane watseka pakhomo, ndipo tinaiimba ngati tinaiphunzira ku ubwana.

Tsopano ndikudziwitseni a Nikoloma. Awa ndi kapitawo wopuma ntchito, komanso tcheyamani wa masapota, udindo umene palibe akukumbukira tsiku limene anawasankha. Chisangalalo chili mkati, a Nikoloma anaona anyamata ena a ku Luchenza ataunjikana chapakona, ndipo anakuwa:

"Miyala iyamba apa! Aliyense ku thirakitala! A Fulaye, lizani chinthucho!"

Miyala sinayambe. Anyamatawo, tinamva pambuyo pake, ankangogula nzimbe. Koma mawu oti miyala ali ndi mphamvu. Onse amene anabwera pansi aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti miyendo yawo yatopa. Ngolo inadzaza mpaka ena kulendewera m'mbali. Ine ndinapezeka ndili pakati, phazi limodzi pansi, lina pa phazi la munthu. A Fulaye, dalaivala wathu, anacheuka, nkuona mitu yambirimbiri ndi malaya obiriwira ngati a osewera athu, nkunena mumtima kuti timu yakwana. Tinanyamuka.

Osewera anali kuseri kwa buloko ya sukulu yapafupi, akuvula mayunifolomu kuti awaike m'thumba la kochi, ena akumanga bondo la Yohane ndi nsalu yonyowa.

Ife tinatuluka mu Luchenza ng'oma ikulira, tikuimba dzina la Yohane. Anthu m'mbali mwa msewu ankatibayibitsa. A Nikoloma anaima kutsogolo kwa ngolo ngati wandale pa kampeni, akuuza aliyense kuti, "Tawaswa! Kwawo komwe!"

Pakona ina ya ngoloyo panali Esnati, mkazi wa Yohane, mwana ali kumbuyo. Iye anakwera msanga poganiza kuti mwamuna wake akwera pambuyo. Kwa nthawi ndithu ndinkamuona akutsegula pakamwa, koma ndinkayesa akuimba nafe. Tinazindikira kuti sakuimba pamene anakankha anthu, nkulanda ndodo m'manja mwa woimba ng'oma.

"Ndikufunsa! Bambo a Chisomo ali kuti?"

Mnyamata wina wa vuvuzela anayankha mokondwa, "Ali mumtima mwathu, alamu!"

"Mumtima mwanu mulibe mpando. Ali kuti?"

"Akhala kutsogolo ndi adalaivala," wina anatero.

Tonse tinayang'ana kutsogolo. Thirakitala ili ndi mpando umodzi, abale. A Fulaye anali okha, akugwedeza mutu potsatira nyimbo imene inali itasiya kale.

Tinayamba kuyang'anana. Aliyense ankafunafuna nkhope ya wosewera pakati pa anzake. Tinapeza ogulitsa mandasi, tinapeza akwaya, tinapeza mkulu wina amene ankapita kwa mlongo wake ndipo samadziwa nkomwe kuti kunali mpira. Wosewera ngakhale mmodzi munalibe. Kochi munalibe. Ngakhale mpira weniweniwo munalibe.

Tinamenya chitsulo cha ngolo mpaka a Fulaye anaima, pachitunda, pakati pa minda ya tiyi. Atamva nkhaniyo anavula chipewa nkukanda m'mutu.

"Kubwerera ndikhoza kubwerera," anatero, "koma dizilo amene anandipatsa ndi wa ulendo umodzi. Ndikatembenuka ndi katundu yenseyu, tigona m'tiyi muno. Tsikani nonse, ndikawatenge, inu muyende pansi."

Ndiye inu mukuganiza kuti anthu anatsika?

Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti amene anawina masewero aja si Yohane. Woimba ng'oma anationetsa zikhatho zake zotupa, nkufunsa ngati chigoli chikanalowa popanda ng'oma. Mayi wina anati iye anasala kudya kuyambira m'mawa chifukwa cha timuyi, ndiye ayende pansi ndi njala? Bambo wina ananong'ona mokweza kuti pali zimene anakwirira pafupi ndi golo dzulo lake, ndipo tisamufunse zambiri. A Nikoloma anati tcheyamani satsika m'galimoto anthu ake ali momwemo, ndi malamulo a utsogoleri. Wina anafika ponena kuti osewerawo ndi anthu olimbitsa thupi, kuyenda pansi kwa iwo ndi tireningi.

Nanga ine? Ndinali ndi chifukwa changa chabwino, cha nsapato yothina, koma ndinaona kuti pamsika pamenepo sichigulika.

Esnati anatiyankha m'Chilomwe. Sindimasulira. Amene amamva anayang'ana pansi, amene samva anamva.

Tili mkati mokangana chonchi, tinamva mabelu kumunsi kwa chitunda. Njinga zinatulukira pakona, mndandanda, zikukwera pang'onopang'ono. Akabaza a ku Luchenza, ena asanavule nkomwe yunifolomu imene analuzira. Kumbuyo kwa pafupifupi njinga iliyonse kunali wosewera wathu. Kochi anali atakumbatira thumba la mayunifolomu ngati mwana wodwala. Patsogolo penipeni panali Maliko, yemwe uja wa penate, ndipo pakaliyala pake panali Yohane, mwendo atautambasula.

Maliko anaima pambali pa ngolo, nkupukuta thukuta, nkutiyang'ana tonse mmodzimmodzi.

"Akuluakulu, mwagwetsa katundu wanu kumbuyoku," anatero. "Mapointi mwatenga, sitikukana. Koma anthu amene akupatsani mapointiwo simukuwafuna? Ngati simukuwafuna nenani, ife goloboyi tikumusowa."

Mnyamata wa vuvuzela uja anaibisa kumbuyo.

A Nikoloma anatsokomola. "Ayi, achimwene, ife tinaima pano dala. Timawadikirira."

"Mumawadikirira? Mumati abwera pa chiyani, pa nyimbo?"

Wina anafunsa kuti ulendowo ukhala ndalama zingati. Maliko anagwedeza mutu nkunena kuti munthu wotayidwa ndi abale ake salipiritsidwa. A Fulaye anapempha osewera kuti akwere, ndipo apa anthu anayambadi kutsika, mwamanyazi. Koma anyamatawo anakana. Anati pamene akhala ndi pabwino, pali mphepo. Otsika aja anakweranso, kupatula Esnati, amene anakakwera njinga ina yopanda munthu kumbuyo. Thirakitala inayenda kumbuyo kwa njinga mpaka pa geti ya esiteti, ndipo a Fulaye sanayerekeze kupitirira ngakhale imodzi. Ng'oma sinalirenso.

Sabata yonseyi nkhaniyi yakhala ikundiseketsa, kenako nkundipatsa maganizo.

Mwamvapo mmene timalankhulira za mpira? Zikayenda bwino timati tawina. Zikavuta timati aluza, anyamatawa ndi aulesi. Chipambano ndi chathu tonse, koma kugonja kuli ndi eni ake, ndipo mayina awo timawadziwa. Yohane akanalephera kugwira penate ija, ndikukuuzani, palibe akanamuiwala ku Luchenza. Tikanamufunafuna mpaka kumupeza, kuti timuuze zimene tikuganiza za manja ake.

Ndipo si ku mpira kokha. Chaka chatha kwathu kuno tinatsegulira buloko yatsopano ya sukulu. Amayi amene anaumba njerwa ndi kututa mchenga kumtsinje anaima padzuwa, kuseri kwa chingwe. Pamipando, pansi pa tenti, panakhala anthu amene buloko imeneyo anaiona koyamba tsiku lomwelo. M'malankhulidwe onse, amayiwo anatamandidwa kwambiri. Anawatcha msana wa chitukuko. Fanta itabwera, msana wa chitukuko sunalandire.

Pa ukwati ndi chimodzimodzi. Ofupa avina, ojambula ajambula, aliyense wanyamula mbale yake. Pitani kuseri kumene kuli utsi, mukafunse amene akhala akuphika kuyambira m'bandakucha ngati alawako nyama. Adzakusekani.

Sikuti ndife anthu oipa mtima. Pa ngolo paja panalibe amene ankadana ndi Yohane. Tinkamukonda zenizeni, ena mpaka misozi. Vuto ndi loti kutamanda munthu nkosavuta ndipo kumakoma, pamene kumusungira malo kumafuna kuti wina atsike. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Ife tinachita kuposa pamenepo. Tinakwera, nkuisiya njovuyo m'mame, ife nkumapita tikuimba za kukula kwake.

Lolemba m'mawa ndinadutsira ku divishoni ya kumtunda. Mpira ndi wa Lamulungu, koma sikelo ya masamba sidziwa za penate. Ndinamupeza Yohane m'mzere wake, dengu kumsana, akuthyola ndi manja onse awiri, mwendo wovulala uja akuukoka. Anzake anali atamusiya patali. Chapamsewu, a Nikoloma anali ataimitsa anthu awiri, akuwafotokozera mmene anakonzera timu kuti itchinge kumbuyo.

Ndinamupepesa Yohane m'malo mwa ngolo yonse. Iye anaseka, manja osasiya ntchito.

"Ine sindinakwiye, akulu," anatero. "Kungoti zinali zodabwitsa. Ndili pansi paja akundimanga bondo, ndimamva dzina langa likuimbidwa bwinobwino. Kenako likuchepa. Likuchepabe. Mpaka lazimiririka kuseri kwa masitolo. Ndinawauza anzanga kuti, anyamata, dzina lakwera thirakitala, mwini wake watsala."

Anaponya masamba m'dengu, nkutsimphinira patsogolo.

Nanga inu, dzina limene mwakhala mukuliimba sabata ino, kaya ku tchalitchi, kaya kuntchito, kaya pakhomo panu pomwepo, mwafunsako ngati mwini wake anafika kunyumba?