Mwininyumba Anakhuthula Chikwama Changa

Nambala ya mayi ameneyo ndinaipeza pa gulu la pafoni la ophunzira atsopano a koleji ina ya ku Chipinge. Wina analemba kuti ku Gaza, komboni yaikulu ya m'tauniyo, kuli chipinda cha lendi chofuna roja wamkazi. Ndinaimba nditakwera kachitunda ka kuseri kwa nyumba zathu za pa esiteti ya tiyi ku Honde, pomwe netiweki imagwira. Ndinalankhula Chishona cha kusukulu chothira Chingerezi, ndipo mwininyumbayo anayankha mokoma, mpaka kunditchula mwana wawo. Anati ndibwere Loweruka ndi kholo.

Ndinapita ndi amayi anga. Iwowa athyola tiyi kuyambira ali mtsikana, moti zala zawo zinada ndi utomoni wa masamba. Chishona amachidziwa, koma lilime lawo ndi la Chinyanja. Akangotsegula pakamwa, munthu amadziwiratu kumene agogo athu anachokera.

Tinakwera kombi mpaka ku Mutare, ina mpaka ku Chipinge, n'kufika dzuwa litapendeka. Mwininyumba anatulukira kuseri, kumene ankaweta nkhuku zogulitsa. Anali mayi wamtali wovala magalasi. Anamwetulira atandiona. Koma amayi atawomba m'manja n'kupereka moni, kumwetulira kuja kunazima. Geti sanatsegule.

"Mutupo wanu ndi chiyani?" anafunsa.

Amayi anatchula mfunda wathu.

"Kuno kulibe mutupo wotero. Ndinu mabhurandaya, eti?"

Dzina limeneli, lochokera ku mawu oti Blantyre, ndinakula ndikulimva kusukulu, koma sindinalimvepo likuponyedwa pankhope pa amayi anga.

"Ine ndinabadwira m'dziko momwe muno, mayi," anayankha amayi modekha. "Mwanayunso chimodzimodzi."

"Nanga pafoni bwanji sananene?"

Anatilowetsa, koma mpando sanatipatse. Tinaima pakhonde. Atsikana awiri, maroja ake ena, ankachapa pampopi ndipo anasiya kuchapako kuti aonerere.

"Anthu inu mumayenda ndi mankhwala," anatero mwininyumbayo. "Pano pali ana anga ndi nkhuku zanga. Atsegule chikwama ndione."

Ndinakana. Amayi ananditsina pamkono n'kundinong'oneza m'Chinyanja, "Tsegula, usayankhe."

Ndinatsegula zipi yokha. Mwininyumba anagwira chikwamacho kumatako n'kuchikhuthulira pasimenti. Mabuku, nsapato, sopo, ngakhale zovala zamkati, zonse zinamwazika atsikana aja akuona. Ndi dzanja sanakhudze kanthu. Anatenga tsache n'kumatembenuza katundu wanga ndi mtengo wake, mpaka anapeza kaphukusi komangidwa m'kansalu kofiira. Anabwerera m'mbuyo.

"Ichi n'chiyani?"

Amayi anawerama, n'kumasula mfundo pang'onopang'ono. Munali tiyi, amene amapatsidwa kuntchito.

"Ndinakutengerani inuyo," anatero. "Kwathu sitilowa pakhomo pa munthu chimanjamanja."

Mtsikana mmodzi anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. Mwininyumba sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anati tiyi amagula kusitolo, wathuyo tibwerere naye.

Apa mtima unandiwira. Ndinawauza m'Chishona chomveka bwino kuti wa kusitoloyo amathyoledwanso ndi zala zomwezi akunyansidwa nazo. Ndinati chipinda chawocho agonemo ndi nkhuku zawo, ndipo ndinayamba kulonga katundu wanga.

Amayi anandikokera kunja kwa geti. Ndinkayesa andiyamikira.

"Walankhula bwino, tamva," anatero. "Ndiye ugona kuti? Sukulu ikuyamba Lolemba. Ine mawa ndiyenera kukhala ndili ku Honde. Ukuganiza kuti mawu amenewa ndayamba kuwamva lero? Bwerera ukapepese."

Sindinapepese. Anapepesa ndi amayi, atagwada pasimenti pomwe panali zovala zanga paja. Chimenechi ndinatenga nthawi yaitali kuti ndiwakhululukire. Mwininyumba anawasiya chigwadire kwa kanthawi, kenako anatulutsa kiyi m'thumba la epuloni n'kuiika pawindo, osati m'manja mwanga.

Chipindacho chinali choyang'anizana ndi khola. Malamulo anandiuza ataima pakhomo: kutunga madzi ena onse akamaliza, kusayanika zovala pachingwe cha banja lawo, kusalankhula Chinyanja pafoni pabwalo chifukwa sakumva zomwe ndikuwanena. Amayi anagona nane pansi tsiku limenelo, n'kulawirira m'mawa. Sitinalankhulane zambiri.

Ndinakhalamo miyezi isanu ndi itatu. Dzina langa mwininyumba sanalitchulepo. Ankangoti "wa ku tiyi uja". Moni ndinkapereka m'mawa uliwonse chifukwa amayi anandilumbiritsa, ndipo iwo ankayankha ndi mphuno. Chitopa chitalowa m'khola n'kupha nkhuku zambiri, ndinapeza mchere utawazidwa pakhomo panga masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi ndinautolera m'kapu ndi kukaupereka kwa iwo, n'kunena kuti mwina autaya mwangozi. Anandipatsa sabata imodzi kuti ndichoke.

Amene anandipezera malo ena ndi mtsikana anaseka uja. Azakhali ake ankagulitsa tomato pamsika ndipo anali ndi chipinda misewu itatu kuchokera pamenepo. Kumeneko anangondifunsa ngati ndimabwera ndi anyamata komanso ngati ndimadziwa kukolopa. Ndinakhalako mpaka kumaliza koleji. Amayi sindinawauze kuti ndinachita kuthamangitsidwa. Ndinangoti ndapeza chipinda chapafupi ndi sukulu, ndipo iwo sanafunse zambiri.